Rocky timamuombera m'manja, nanga mnzathu wobwerera?

Pa tchuthi chapitachi ndinkadutsa pafupi ndi kanyumba koonetsera vidiyo kwathu ku Nchema, ndipo phokoso la anyamata linandiimitsa. Ankaonera Rocky Balboa, filimu ya Sylvester Stallone ya mu 2006, yonena za katswiri wa nkhonya wokalamba amene akubwerera m'bwalo anthu atamuiwala kale. Atagwetsedwa n'kudzukanso, kanyumba konse kanadzaza mluzu ndi kukuwa. Pamapeto oweruza anapereka chipambano kwa mdani wake wachinyamata, komabe anyamata aja anatuluka akutama nkhalambayo.

Nkhani zoterezi si zopeka zokha. George Foreman anagonja kwa Muhammad Ali ku Kinshasa mu 1974, anasiya nkhonya mu 1977 n'kukhala mlaliki, kenako anabwerera mu 1987 anthu akumuseka kuti wanenepa ndiponso wakalamba. Mu 1994, ali ndi zaka 45, anagwetsa Michael Moorer n'kutenganso lamba wa dziko lonse. Moyo wake anaupangira filimu mu 2023.

Sindikuyamikira nkhonya ayi. Mayi Ellen White, m'buku lawo la Education, anachenjeza kuti masewera amenewa amaphunzitsa nkhanza, ndipo mutu wa munthu sunalengedwe kuti uzikhomedwa. Koma chimene chinakoka mitima ya anyamata aja si magazi. Chinali kuona munthu amene onse anamutaya akuimiriranso.

Funso langa ndi lakuti, bwanji mtima womwewu umatithawa tikatuluka m'kanyumba ka vidiyo? Mnyamata akalephera mayeso a MSCE n'kubwereza Fomu 4, timamutcha agogo a kalasi. Boma linalola kuyambira mu 1993 kuti mtsikana amene wabereka abwerere kusukulu, koma akafika, manong'onong'o amamuperekeza mpaka pa desiki. Ku mpingo nako, m'bale amene anachotsedwa akabwera pa Sabata, amakhala yekha pa benchi yakumbuyo ife tikungomuyang'ana cham'mbali.

Mwina vuto ndi lakuti filimu imatizolowetsa zachidule. Miyezi yokonzekera imadutsa m'mphindi zitatu, nyimbo ikulira. Pamene kubwerera kwenikweni n'kwapang'onopang'ono ndiponso kochititsa manyazi: kuvalanso yunifolomu anzako ali ku koleji, kuwerenga mwana akulira kumsana. Foreman anadikira zaka zisanu ndi ziwiri asanagwirenso lamba. Munthu amafuna womulimbikitsa m'zaka zimenezo, osati tsiku lopambana lokha.

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tidzakumana ndi ana otere m'makalasi mwathu, ndipo mawu athu oyamba ndi amene adzawasunge kapena kuwabweza kumudzi. Tiwerengenso Miyambo 24:16, tione ngati Mulungu amawerengera kugwa kapena kudzuka.

Sabata likubwerali, yang'anani amene wakhala yekha kumbuyo, mukakhale naye pafupi.