Werengani masiku musanagule tikiti yobwera kumudzi

Anzanga ambiri omwe akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain maso awo ali pa chinthu chimodzi: Indefinite Leave to Remain, chilolezo chokhazikika m'dzikomo, chomwe mwini viza ya ntchito amapempha akakwanitsa zaka zomwe lamulo limafuna. Chomwe ndimawakumbutsa nthawi zonse ndi nambala iyi: 180.

Lamulo la Home Office limati musakhale kunja kwa Britain masiku opitirira 180 m'miyezi 12 iliyonse. Apa ndi pomwe ambiri amagwa, chifukwa sawerenga kuyambira Januwale mpaka Disembala ayi. Mukakhala kumudzi masiku 100 kumapeto kwa chaka, n'kubweranso masiku 90 chaka chinacho chikangoyamba, ndi 190 ameneyo, mwadumpha malire. Zikatero, zaka zija mutha kuyambiranso kuwerenga.

Maliro kapena matenda akayakaya a wachibale wapafupi amatha kuwaganizira, bola pakhale umboni, choncho sungani makalata a kuchipatala ndi matikiti. Koma ukwati wa msuweni kapena kuyang'anira amisiri pa nyumba yanu, zimenezo sangakumvereni.

Inunso muli kumudzi, m'bale wanu akati sabwera chaka chino, musafulumire kunena kuti watayika. Mwina akungowerenga masiku.