Ndinu mdzukulu wa mzukwa? Tiyeni tiwerengetsere

Alendo okaona Tower of London ku England amauzidwa nkhani ya Anne Boleyn, mkazi wachiwiri wa Mfumu Henry VIII, yemwe anadulidwa mutu pamalopo pa 19 May 1536. Akuti mpaka lero mayiyu amayendayenda usiku mutu wake ataupanira m'khwapa. Ena amati amaonekanso ku Blickling Hall ku Norfolk pa tsiku lomwe anaphedwalo, atakwera ngolo yokokedwa ndi akavalo opanda mitu. Ndiye pali anthu ofufuza mbiri ya makolo awo amene akangopeza dzina la Boleyn pa mndandanda wawo amadumpha ndi chimwemwe: "Mzukwa uja ndi agogo anga!"

Ine ndimaona kuti chimwemwe chimenechi chilibe pogwira, ndipo sayansi yomwe mukuphunzira m'kalasi ndi yokwanira kutionetsa chifukwa chake.

Za mzukwawo sinditayapo nthawi, poti palibe chida chomwe chinauyezapo. Ndingofunsa funso limodzi. Mu 1665 mliri unapha anthu masauzande ambirimbiri mu London momwemo, ambiri mwa iwo amphawi. Bwanji alendo sauzidwa mayina a mizukwa ya anthu amenewo? Mizukwa yodziwika nthawi zambiri imakhala ya anthu otchuka monga mafumu ndi akazi awo, chifukwa nthano imamatirira pa dzina lomwe amoyo akulikumbukira.

Za ubale ndiye tingathe kuziyesa. Mwana wa Anne yemwe anakula ndi mmodzi yekha, Elizabeth I, ndipo anamwalira mu 1603 osasiya mwana. Mzere unathera pomwepo. Aliyense wonena kuti ndi chidzukulu cha Anne Boleyn walakwitsa, kaya ali ndi mapepala angati. Yemwe anasiya mbumba ndi m'bale wake, Mary Boleyn, ndipo Mfumu Charles III ndi mmodzi mwa zidzukulu zake kudzera mwa agogo ake aakazi obereka amayi ake.

Tinene kuti inuyo ndinu wa mbumba ya Mary. Kodi muli ndi chiyani cha iye m'thupi mwanu? Tengani cholembera. Muli ndi makolo 2, agogo 4, makolo a agogo 8, ndipo nambala imawirikiza kawiri pa m'badwo uliwonse. Tikati m'badwo ndi zaka 30, kuchokera m'ma 1530 kufika lero papita mibadwo pafupifupi 16. Mukawirikiza 2 maulendo 16 mupeza 65,536. Ndiye kuti Mary wakhala pa mpando umodzi mwa mipando 65,536. Enawo ndi alimi, ochapa zovala, asodzi, mwinanso mbava, koma palibe amene amadzitama nawo.

Sizithera pamenepo ayi. Anthu ambiri amaganiza kuti "magazi" amasakanikirana ngati shuga mu tiyi, moti kholo lililonse limasiyako kadontho. DNA siiyenda choncho. Tili ndi ma chromosome 46, 23 ochokera kwa amayi ndi 23 kwa abambo. Thupi likamapanga dzira kapena umuna, ma chromosome amasinthana zidutswa, ndipo mwana amalandira theka lokha la DNA ya kholo lililonse. Theka linalo limatsala. Zidutswazi ndi zazikulu ndipo ndi zowerengeka, choncho mibadwo ikachuluka sizikwanira makolo onse. Pofika mibadwo 16, makolo ambiri pa mndandanda wanu sanakusiyireni kalikonse. Mukhoza kukhala chidzukulu chenicheni cha Mary Boleyn papepala koma mulibe ngakhale kachidutswa kamodzi ka DNA yake. Wina akadzakuuzani kuti muli ndi mtima wachifumu, kapena tsoka la kholo lakale likukulondolani chifukwa cha magazi, mufunseni kuti ladzera pa chromosome iti.

Pali mizere iwiri yomwe DNA imatha kuyenda mibadwo yambiri osadukaduka, ndipo nkhani ya mfumu ina ya ku England imaionetsa bwino. Richard III anafera kunkhondo ku Bosworth mu 1485. Mu 2012 akatswiri anafukula mafupa pansi pa malo oimikapo magalimoto mumzinda wa Leicester. Kuti adziwe ngati ndi ake, gulu lotsogozedwa ndi Turi King, yemwe panthawiyo anali pa University of Leicester, linayeza DNA ya mu mitochondria, yomwe mwana amalandira kwa amayi okha, ngati mmene Achewa amawerengera mtundu kuchikazi. Anayeza Michael Ibsen, yemwe mzere wake wa kuchikazi umakafika kwa Anne of York, mlongo wa Richard. DNA inafanana. Apa ndi pomwe ndimati ubale watsimikizika: pali pepala, pali mafupa, pali zotsatira za mu labu zomwe wina angathe kuzibwereza.

Mzere wachiwiri ndi wa Y chromosome, yomwe imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna. Anayeza amuna asanu amoyo omwe mapepala amati ndi a mzere wa kuchimuna umodzi ndi Richard. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafanana naye. Penapake m'mibadwo imeneyo panabadwa mwana yemwe bambo ake enieni sanali omwe analembedwa m'buku.