Msambo wotaya magazi ambiri si wongopirira

Kwathu tinalangizidwa kuti za kumwezi sitinena pagulu. N'chifukwa chake mayi amadula kabichi m'minda ya ku Ormskirk ali ndi chizungulire, akusintha padi ola lililonse, n'kumati ndi mmene analengedwera. Ayi, amayi anzathu. Msambo ukapitirira masiku 7, kapena magazi akamatuluka oundana kukula kuposa kobiri ya 10p, pali vuto.

Nthawi zina ndi adenomyosis: kansalu ka m'kati mwa chiberekero kamamera molowa mumnofu wake, ndiye kupweteka ndi magazi ochuluka. Ambirife timaopa kuti tikapita kuchipatala akatichotsa chiberekero. Komatu opaleshoni imabwera pomaliza. Amayambira lupu ya Mirena, kapena mapilitsi a tranexamic acid omwa masiku a msambo okha, ndi ayironi ngati magazi achepa m'thupi.

Kulembetsa kwa GP n'kwaulere, ndipo sangatikane chifukwa chosowa pasipoti kapena umboni wa adiresi. Tipemphe dokotala wamkazi ndi womasulira. Pakafunika sikani, GP angatitumize ku Liverpool Women's Hospital, ku Crown Street.

Inu abambo, shifiti ya tsiku limenelo ikatayika, musawerengere mayi ndalama zake. Aperekezeni.