Paris ili kutali, koma masiku awili muli nawo

Lelo tisiye pang'ono za mitengo, tikambe za m'nyumba.

Ndili ku Tembwe, kuno ku Chama, kumene ndabwela kuoda mpunga. Dzulo tili kuyembekeza motoka pa masaka athu, mai wina wa ku Chipata anationetsa foni: mng'ono wake ali ku Paris ndi amuna ake, agwilana manja pansi pa Eiffel Tower. Mai uja anausa moyo nati, "Ine zaka 14 m'banja, ulendo umene tinayendapo awili na bashi mwana ni wa ku malilo chabe." Tonse tinaseka, koma kunali kuseka kowawa.

Ku Ulaya anthu okwatilana ali ndi chizolowezi ichi: pa Chisanu anyamula kachola, akagona masiku awili mu mzinda wina, pa Mande abwelela ku nchito. Sikuti amakondana kupambana ife. Zinthu zinawakhalila pafupi. Sitima ya Eurostar kuchoka ku London kufika ku Paris sikwanitsa maola awili ndi hafu. Lamulo la European Union lipatsa wanchito masabata 4 opumula pachaka, malipilo akulowa. Wa pa msika akatseka tebulo tsiku limodzi, ndiwo za tsikulo zapita.

Manje ife kuti tikafike kumeneko? Visa ya Schengen ni ma euro 90 pa munthu kuyambila mu June 2024, ndipo akakukanani, ndalamayo sibwelela. Afuna pepala la ku banki, inshuwalansi, ndi umboni wa kumene mukagona. Ikaniponso tikiti ya ndeke, yodzela ku Addis Ababa, Nairobi kapena Doha. Amene atenga kaloba kuti akajambulitse ku Ulaya abwelako ndi zithunzi, kapito itatha, ndeu ili pa khomo.

Ndipo musaganize kuti chikondi chimagulitsidwa ku mizinda imeneyo. Ku Paris, okondana anali kukhoma maloko pa mlatho wa Pont des Arts ndi kutaya makiyi mu mtsinje. Mu 2015 a khonsolo anawachotsa, matani 45, chifukwa anali kuononga mlatho. Ku Venice alendo anachuluka maningi, mpaka mu 2024 anayamba kulipilitsa ma euro 5 kwa obwela tsiku limodzi.

Koma pali kulakwa kwina, ndipo ndiko kwathu: kunena kuti "izo ni za azungu". Tayang'anani mmene tikhalila. Amai ali ku Tembwe masabata awili kusakila mpunga. Atate auka 04 koloko kuthamangila Soweto. Mukakumana usiku nkhani ni oda, nkhongole, mayunitsi a malaiti ndi nsapato za ana. Banja lasanduka kampani. Ndiye tidabwa tikamva kuti auje alekana, chonsecho bizinesi inali kuyenda bwino.

Cha kutengela ku Ulaya si Paris iyai. Ni masiku awili aja: inu awili chabe, opanda ana, opanda apongozi, opanda sikelo.

Malo tili nawo. A ku Chipata, ku Lundazi kuli Castle Hotel, nyumba yomangidwa monga ya mafumu a ku Ulaya pa nthawi ya DC Errol Button, m'mbali mwa damu. Ku Mfuwe azungu amaulukila kuchoka kutali kudzaona njovu ndi nyalugwe za mu South Luangwa, pamene mwini dziko, amene amalipila zochepa pa geti, sanapondemo. A ku Lusaka muli ndi Siavonga pa nyanja ya Kariba, ndi Mosi-oa-Tunya ku Livingstone. Thumba likakana, bwelani awili pa ulendo wa mpunga, muonjezepo tsiku limodzi losakamba za mtengo wa saka.

Mudzati, "Nanga tebulo?" Mnzako akapsa ndevu m'zimile. Amene muli naye pafupi akugulitsileni pa Chiwelu, inunso mudzamugwilile mwezi wa mawa. Ndalama ya chilimba ikakugwelani, patulaniko pang'ono musanapite ku oda. Timasonkha za malilo mosanyinyilika. Bwanji za banja likali moyo?

Chovuta chenicheni kuno ni mseu. Wa Lundazi kupita ku Chama, mvula ikagwa, umadya tsiku lonse limene mukanapumula, ndipo umakweza mtengo wa mpunga. Zimenezo sitidzaleka kuzikamba.

Koma mseu usakhale pobisalila. Mai wa ku Chipata uja asanakwele motoka anatumila amuna ake foni, tonse tikumva: "Nikafika pa Lundazi munipeze pamenepo. Mpunga uzapitilila na kondakita." Sitinamve yankho, tinangoona mai akumwetulila.

Nanga inu, ulendo wothela umene munayenda awili unali wa kuti?