Mukufuna Matafale wina? Nanga woyambayo munamuchitira chiyani?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndisiya kaye nkhani za MSCE ndi za malipiro. Pali mawu ena amene ndatopa nawo. Nthawi iliyonse a Black Missionaries akatulutsa Kuimba watsopano, isanathe ndi sabata yomwe, mumamva munthu akulankhula mokweza mu staffroom, m'minibasi ya ku Monkey Bay kapena pa WhatsApp kuti Ma Blacks anapita ndi Matafale, awa angotsala dzina. Wonenayo kawirikawiri chimbalecho sanachimvere chonse. Wangomva nyimbo imodzi pa golosale akudikira chenje, basi mlandu waweruzidwa. Ine anyamata a ku Chileka amenewa ndawatsatira kuyambira nthawi ya makaseti, tikubweza tepi ndi bolopeni kuti mabatire asathe msanga, ndipo ndikunena pano kuti mawu amenewa ndi aulesi. Ulesiwo ndikanaulekerera, koma mkati mwake mulinso nkhanza.

Mukawafunsa bwinobwino kuti vuto ndi chiyani, amati zimbale za masiku ano siziluma. Amati Anjiru Fumulani akungoimba zachikondi, za banja, za mapemphero, pomwe dziko likuyaka moto. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, anthu agona pa mizere ya mafuta, Freddy anakokolola midzi mu March 2023, nanga Ma Blacks ali kuti? Matafale akanakhalapo, amatero, akanawauza akuluakuluwa maso ndi maso.

Chabwino. Tiyeni tikumbutsane zimene zinamuchitikira munthu amene ankanena maso ndi masoyo, chifukwa ena mwa inu munali musanabadwe. Evison Matafale anatisiyira zimbale ziwiri zokha, Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Mu November 2001 apolisi anamugwira chifukwa cha makalata amene analemba odzudzula boma la a Bakili Muluzi. Anamugwira akudwala, anamutengera ku Lilongwe, ndipo pa 27 November 2001 anamwalira ali m'manja mwa apolisi, ali ndi zaka 32. Aboma anati ndi chibayo. Anthu ambiri sanakhutire nalo yankho limenelo mpaka lero. Mundimvetse bwino apa: sanamumangire nyimbo, anamumangira makalata. Nyimbo zake zambiri zinali za m'Baibulo, za Chirasta, za umphawi ndi za mtima wa munthu, zonenedwa mophiphiritsa moti aliyense ankamva zake. Chithunzi cha Matafale wotukwana boma pa nyimbo iliyonse chinajambulidwa ndi imfa yake, ndipo ochijambula ambiri ndi anthu amene Kuimba 2 sanamumverepo kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Tsono funso langa ndi ili, makamaka kwa anzanga a msinkhu wanga amene mumafuula kwambiri: mu 2001 munali kuti? Kuno ku Mangochi tisanamizane, chikasu cha UDF chinali ponseponse, kuyambira pa boma mpaka ku Namwera ndi ku Makanjira. Makaseti a Matafale ankalira m'mabala ndi m'mashopu, zoona, koma nkhani ya mmene anafera inkanenedwa monong'ona, munthu atayang'ana kaye kumbuyo. Ophunzira ena ku Zomba ndi ku Blantyre komanso Marasta anzake ndi amene anaonetsa mkwiyo poyera. Enafe amene lero tikufuna Matafale wina, ndi angati amene analemba ngakhale kalata imodzi ku nyuzipepala? Ndiye lero mukuti mwana wa eni ake akaime kutsogolo, akanene zimene inu mukuopa kunena pa msonkhano wa PTA, inu mukuombera m'manja muli ndi Carlsberg yanu pakona. Akakamugwira mudzati anali ngwazi, mudzagula T-shirt ya nkhope yake. Mayi ake ndi amene adzalire.

Musandiuze kuti zimenezo ndi zakale. Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu, ndipo tinkati ndi za chipani chimodzi, zatha. Matafale anafa demokalase ili ndi zaka 7. Pa 20 July 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa pa zionetsero, ndipo mu September chaka chomwecho Robert Chasowa, mnyamata wa ku Polytechnic amene ankalemba zodzudzula boma, anapezeka atafa pasukulu pomwepo. Poyamba anati wadzipha, bungwe lofufuza linadzanena mu 2012 kuti anachita kuphedwa. Lucius Banda, amene anatisiya pa 30 June 2024, nyimbo zake zinaletsedwapo kuulutsidwa pa MBC nthawi ya a Bingu. M'dziko lotere, kuuza woimba kuti luma si nkhani ya masewera.

Ndipo ife aphunzitsi tisamalankhule kwambiri za kulimba mtima. Mu 2021 tinanyanyala ntchito dziko lonse, sukulu zinatsekedwa, chifukwa cha ndalama za Covid. Sindikunyoza, ndalamazo zinali zoyenera. Koma ndi liti pamene tinatsekapo sukulu chifukwa ana akukhala pansi, kapena chifukwa mtsikana wa Form 2 wakwatiwa ndi munthu wobwera kuchokera ku Joni? Mawu athu amatuluka thumba lathu likakhudzidwa. Ndiye tikufuna woimba akhale wolimba mtima m'malo mwa tonsefe, kwaulere.

Nkhani imeneyi sinayambire kwa ife. Bob Marley anawomberedwa kunyumba kwake ku Kingston mu December 1976, anathawira ku London, ndipo mu 1978 anatulutsa Kaya, chimbale chodzaza ndi nyimbo zachikondi ndi zofatsa. Olemba nkhani ena anamunena kuti wafooka, wagulitsa nkhondo. Anthu amene sanamvepo chipolopolo chikulowa m'thupi ankaphunzitsa munthu wa chipsera mmene angalimbire mtima. Lero Kaya akuimbidwabe m'maukwati, onyozawo maina awo palibe akuwakumbuka.

Tibwerere kwathu. A Fumulani awa imfa aiona pafupi kuposa ambiri a ife. Matafale atapita, Musamude ndi amene ananyamula gululo, ndipo ambiri amene ankati latha anachita manyazi atamva Kuimba 3. Musamude anamwalira mu 2007. Chaka chotsatira, 2008, m'bale wawo Gift Fumulani naye anapita. Gulu lina likanabalalika pomwepo, wina kukayamba geni, wina kupita ku Joni. Anjiru anali mnyamata wamng'ono, mawu ake ofewa, opanda ukali wa Matafale kapena kulemera kwa Musamude, koma anaima pa maikolofoni ndipo manambala a Kuimba anapitirira mpaka kudutsa 10. Tchulani gulu lina m'Malawi muno limene linataya oimba ake akutsogolo awiri nkukhalabe likudzaza maholo zaka zoposa 20. Ngakhale The Wailers, Marley atamwalira mu 1981, anagawikana nkumakanganirana dzina.

Komanso anthu amaiwala kuti anyamata amenewa cholowa chawo si cha Matafale yekha. Bambo awo anali Robert Fumulani wa Likhubula River, ndipo Chileka yemweyo ndi kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba. Akuluakulu amenewo ankaimba za pakhomo, za mkazi ndi mwamuna, za miseche, za ulendo, za maliro. Anjiru ndi Chizondi akamaimba za banja sakuthawa nkhondo ayi, akuyenda m'njira ya bambo awo, imene inalipo reggae isanafike ku Singano.

Ndipo ndani anakuuzani kuti nyimbo ya banja ndi nkhani yaing'ono? Bwerani kuno kunyanja mudzaone. M'midzi ya kwa Mponda, kwa Jalasi, kwa Chimwala, nyumba zambiri za malata zamangidwa ndi ndalama za ku South Africa, koma mkati mwake muli mayi ndi ana okha, bambo anachoka zaka zisanu zapitazo, amangomveka pa foni. Msodzi amapita ndi chilimira usiku wonse, amabwera ndi usipa wosakwana kubweza ndalama ya mafuta a injini, ukwati nkugwedezeka. Malamulo anakonzedwa mu 2017 kuti munthu asakwatiwe asanakwane zaka 18, koma funsani mphunzitsi aliyense wa CDSS ya kuno kuti atsikana amene anayamba nawo Form 1 amafika angati ku Form 4. Kwa anthu amenewa nyimbo yonena za kudikira munthu, za kukhulupirika, za nsanje ya achibale, ndiyo ndale zawo zenizeni. Mtengo wa feteleza amaudziwa kale, safuna gitala kuti iwauze.

Tsopano za zimbalezo, chifukwa sindikufuna muziti ndine wongoombera m'manja. Tengani Kuimba 11 wa mu 2018, amene anthu anamunena kwambiri kuti ndi wachikondi chokhachokha chifukwa cha Zofuna Mtima Wanga. Mumvereni pa sipika yabwino, osati pa kafoni. Mverani bezi ya Peter Amidu mmene imayendera pansi osathamanga, ngati munthu wodziwa kumene akupita. Mverani ng'oma za Paul Chokani, sizidzionetsera, koma zichotseni muone ngati nyimboyo iime. Gitala ya Takudziwani Chokani imalowa pang'ono nkutuluka, ngati mchere. Awa ndi anthu amene aimbira limodzi kwa nthawi yaitali moti wina akapuma mnzake amadziwa. Ana anga a masiku ano, amene nyimbo zanu zimapangidwa ndi munthu mmodzi pa laputopu usiku umodzi, chimenechi simungachidawunilode.

Zoti nyimbo zikufanana, eya, zina zimafanana, ndipo apa ndiwadzudzula ndithu. Pali nyimbo zina mukangomva kiyibodi ikuyamba mumadziwiratu pamene kolasi idzalowere. Malipenga a pa kiyibodi aja amandinyansa; gulu la msinkhu umenewu likanatha kuitana anthu oimba malipenga enieni ngakhale pa nyimbo ziwiri zokha. Nyimbo zawo za Chingerezi sizifika pamene za Chichewa zimafika, mawu amakhala ngati ovala jekete la eni. Ndipo chimbale chilichonse chimamveka chopepuka mukachiyerekeza ndi mmene anyamatawa amamvekera pa siteji. Izi ndi zonena za munthu amene wamvera. Koma kunena kuti malipenga ndi ofooka ndi kwina, kunena kuti gulu linafa mu 2001 ndi kwinanso. Koyambako ukufuna aimbe bwino. Kwachiwiriko ukuwauza amoyo kuti moyo wawo wonse ndi wopanda pake poyerekeza ndi manda a m'bale wawo.

Za kufanana komweko, tisaiwale kuti reggae ndi nyimbo yobwereza mwadala. Amene amavina beni kapena manganje kuno sanadandaulepo kuti ng'oma ya chaka chino ikufanana ndi ya chaka chatha. Mumafuna Ma Blacks ayambe amapiano kuti muone kuti asintha? Tsiku limene adzachite zimenezo ndinu nomwe mudzayambe kulira kuti ataya mwambo.

Chimbale cha Ma Blacks sichiweruzidwa sabata yoyamba. Chimapsa pang'onopang'ono pamsewu. Pitani pa Zitherepano akabwera kuno, muime kumbuyo, muone nthawi ya 2 koloko usiku. Nyimbo imene mu staffroom munati ndi yozizira mudzaimva ikuimbidwa ndi holo yonse, asodzi, anesi, akabaza, apolisi amene ali pa off, ndi ana athu akale amene tsopano ali ndi ndevu. Nyimbo za Matafale amaziimbanso usiku womwewo, ndipo chaka ndi chaka mu November amakonza chikumbutso chake ku Chileka, anthu nkulowa ulere. Dzina la Matafale likumvekabe kwa mwana wobadwa mu 2005 chifukwa cha anthu omwewa amene mukuti anamupereka. Boma silinamumangire chipilala. Inu simunamumangire. Amene amunyamula pamsana zaka zonsezi ndi Anjiru ndi anzake.

Pomaliza ndilankhule ndi inu ophunzira anga akale, chifukwa ambiri mwa inu muli pantchito tsopano, ena ku Lilongwe, ena ku Cape Town. Nthawi ya makaseti tinkagula chimbale ndi ndalama, kaseti yeniyeni ya chikuto chake. Inu mumapita kwa anyamata owotcha nyimbo pamsika, nkudzazitsa memory card yonse ndi ndalama yosakwana kugula mulu wa tomato, kapena mumangotumizirana pa foni. Woimbayo salandirapo kanthu. Ndiye gulu limakhalira mashowo, Lachisanu ku Mangochi, Loweruka ku Balaka, Lamulungu ku Zomba, chaka chonse pamsewu. Gulu lokhalira pakhomo la holo liyenera kuimba zimene zivinitse anthu a zipani zonse ndi zipembedzo zonse usiku umodzi, ndipo mwini holo sangaitanenso anthu amene amubweretsera utsi wokhetsa misozi. Ngati mukufunadi chimbale choluma, chopangidwa mosathamanga, cha malipenga enieni, dziwani kuti studio imalipidwa. Kuimba wotsatira akatuluka mugule, ndipo amene muli ku Joni mugule awiri, mmodzi mutumize kuno ku staffroom kuti anzanga aja amumvere yense asanayambe kulankhula.