Musatiopseze ndi Photoshop

Abale, munthu akangofunsa pulogalamu yoyambira kukonza zithunzi, akatswiri athu amakuwa kuti Photoshop basi. Zoona? Kuyambira 2013, Photoshop yatsopano sugula n'kukhala yako. Umalipira mwezi ndi mwezi ngati lendi, m'madola. Madola ake ati, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023? Mapeto ake mumatipatsa yakuba ya pa flash, mavairasi ali tho.

Ife a kaunjika mu Limbe timangofuna chithunzi cha pa WhatsApp: diresi, mtengo, nambala. PixelLab pafoni imakwanitsa zimenezo ngakhale bandulo itatha. Canva njokongola, koma imafuna intaneti. Muli ndi laputopu? Tengani GIMP, njaulere, ndalama ya lendiyo mukaoderere belo.