Kusapezeka m'kaundula si kusakhalapo

Kompyuta yoyendera Linux sizindikira munthu ndi nkhope. Imamudziwa ndi nambala yake komanso nambala ya gulu lake, yotchedwa GID. Magulu amalembedwa mu fayilo ya /etc/group, ndipo mzere uliwonse umakhala ndi zigawo 4: dzina la gulu, malo a mawu achinsinsi, GID, ndi mayina a mamembala. Wolemba pulogalamu m'chinenero cha C akamafufuza gulu amaitana getgrnam ngati ali ndi dzina, kapena getgrgid ngati ali ndi nambala. Kawirikawiri yankho lake ndilo limagamula wololedwa ndi wobwezedwa pakhomo.

Msampha wagona apa: njira ziwirizi zimabweza NULL gulu likakhala kuti kulibe, komanso zimabweza NULL yemweyo kaundula akalephera kuwerengeka. Pamene magulu akusungidwa pa seva ina, kuthima kwa magetsi, kumene anthu a ku Glen View anakuzolowera, n'kokwanira kudula njira. Wolemba waphuma amangogamula kuti gululo kulibe. Wosamala amagwiritsa ntchito getgrnam_r, yomwe imasiyanitsa kusapezeka ndi kulephera pobweza nambala ya vutolo. Paja safunsa anadya phula.

Achinyamata a ku Glen View amene akuphunzira ntchitoyi, makamaka zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ali ndi chifukwa chachikulu chosapeputsira kusiyanaku. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri obadwira ku Zimbabwe komweko anawerengedwa ngati alendo chifukwa cha kumene makolo awo anachokera, ndipo anataya mwayi wovota. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 linabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linali nzika ya dziko la SADC. Anthu anali omwewo zaka zonsezo. Chimene chinasintha ndi gulu limene kaundula anawaikamo.

Choncho pulogalamu yolembedwa bwino isamafulumire kuweruza. Ikalephera kupeza gulu, inene chimene chalepheretsa, ilembe vutolo poti woyang'anira aliwone, ndipo ifunsenso. Kutseka khomo kwa kanthawi pofuna chitetezo n'koyenera. Chosayenera ndi kuuza munthu kuti sali m'gulu lake pomwe wolakwa ndi kaundula. Mwana amene agogo ake anaima pamzere ndi chitupa cholembedwa kuti mlendo asalembe pulogalamu yobwereza mlandu womwewo.